Mapiritsi a Namzeze

4 Malichi

Mayi a Namzeze,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo abwana anu akulandirani popanda mawu ambiri. Ife tinafika bwino Lamlungu masana. Mwana anagona njira yonse mutu uli pamwendo panga, moti potsika basi mwendowo unali utachita dzanzi, ndinatsika ngati nkhalamba.

Ndiyambe ndi yabwino. Dzulo wayenda kuchoka kunyumba mpaka kushopu yanga yometera osapuma ngakhale kamodzi. Mukukumbukira kuti chaka chatha tinkaima katatu, pampope, pasitolo ya nsapato ndi pamlatho, iye atagwira m'chiuno, milomo itada bii. Dzulo ndine amene ndinapempha kuti tichepetse liwiro. Atafika anakhala pabenchi n'kuyamba kulamula makasitomala kuti ayambe kumeta ndani. Anthu sakhulupirira kuti mwana wa zaka zisanu ndi zinayi ali ndi kachitseko kachitsulo mumtima. Ndiye ndimazimitsa makina, m'shopu mukhale zii, kenako kamamveka kuti tiki, tiki. Mdala wina anafunsa kuti wotchiyo ndinagula kuti.

Tsopano funso langa. Padepoti paja munandipatsa kabotolo ka mapiritsi ndi kabuku ka kuchipatala basi italiza kale injini, kondakitala akukoka chikwama. Ndinamva zoti theka la piritsi tsiku lililonse madzulo, ndipo ndikumupatsa. Koma ndinamvanso mawu akuti "ochepetsa magazi." Apa mutu wanga waima. Mwana wataya magazi pa opaleshoni, ife timupatsenso mankhwala ochepetsa otsalawo? Ndayesa kuwerenga kabukuko, koma madokotala alembamo ngati papalasa nkhuku.

Achemwali anga akuti zimenezo iwo sazimva. Ayamba kusinja masamba obiriwira n'kumufinyira madzi ake, kapu yodzaza m'mawa, ina madzulo, kuti magazi abwerere. Namzeze amamwa atatsina mphuno.

Foni yanga inagwera mundowa ndikuchapa matawulo, ndipo wokonza akuti ndidikire. Choncho ndilembereni kudzera kwa dalaivala wa basi ya m'mawa, yemweyu amene akupatseni kalatayi. Safunsa anadya phula, ine ndafunsa.

Ndine
Bambo a Namzeze

7 Malichi

Bambo a Namzeze,

Moni kwa inu, kwa mwana ndi kwa alamu anga. Kalata yanu ndaiwerengera patebulo lodulira nsalu nthawi yopuma. Pamene mwanena za pamlatho ndinalira, mnzanga wosoka makolala n'kuganiza kuti kumudzi kwagwa zovuta. Ndinamuuza kuti ayi, mwana wanga wayenda.

Koma mvetserani bwino, chifukwa mwamva mosemphana. Mankhwalawo dzina lake ndi wafarini. Sachepetsa magazi ngakhale dontho limodzi. Amaletsa magazi kuundana msanga. Dokotala anandiuza kuti magazi akamagunda chitsulo amafuna kugwirana ngati mafuta ozizira mupoto. Kam'bulu kamodzi kakapangika pakachitseko kaja, kangathe kukatseka kuti kasatsegukenso, kapena kuthothoka n'kukafika kuubongo, mwana n'kufa ziwalo. Piritsi limenelo ndi limene likumulondera. Asadumphe tsiku, ndipo azimwa nthawi imodzimodzi. Adzamwa moyo wake wonse. Mawu amenewa anandilemera tsiku loyamba, koma ndinawazolowera.

Lachinayi pa 13 mupite naye kuchipatala chachikulu, chipinda cha odwala mtima, kabukuko kali m'manja. Akamubaya chala n'kuyeza nambala ya magazi. Nambalayo ndi imene imawauza ngati piritsi achepetse kapena awonjezere. Ife sitisintha tokha.

Za madzi a masambazo, auzeni alamu mwaulemu kuti asiye. Ndikudziwa akuchitira chikondi, koma masamba akachuluka chotero amafooketsa mankhwalawo. Adye masamba monga mmene timadyera masiku onse, osati kapu ziwiri ngati mbuzi. Muwauze m'njira yoti asakhumudwe, mukuwadziwa achemwali anu.

Chinanso, akamva kupweteka paliponse musamugulire asipirini kapena ibupulofeni. Zimenezo zikakumana ndi wafarini magazi satha kuleka. Mupatseni parasetamo, ndipo ululu ukapitirira mupite kuchipatala. Mukaona madontho akuda pakhungu atadzigunda pang'ono, musadabwe kwambiri, koma mukawaonetse anamwino.

Ine ntchito ndayamba. Maovololo amene anaunjikana masabata asanu ndi limodzi amene ndinali kuchipatala akundidikira mpaka kudenga. Muuzeni Namzeze kuti asamalamule makasitomala, angakuthawitsireni anthu.

Ndiyankheni kuti ndidziwe kuti mwamva.

Mayi a Namzeze

17 Malichi

Mayi a Namzeze,

Moni. Sindidziwa ngati muli moyo, chifukwa masabata awiri akwana osamva kanthu. M'mawa uliwonse ndimaima pasiteji, dalaivala amangondikwezera dzanja n'kudutsa. Ndinakufunsani funso limodzi lokha. Mwina tauni yakumezani, kapena mukuona kuti mbali yanu munaimaliza kuchipatala kuja. Ngati ndi choncho nenani, ndidziwe kuti ndili ndekha.

Kuno zinthu sizili bwino. Sabata yatha Namzeze anayamba kumva dzino lakumbuyo. Ndinamugulira asipirini kugolosale, akumwa kawiri patsiku. Kenako ndinayamba kuona mikwingwirima m'miyendo ndi pamkono, yakuda ngati wina wamukwapula. Iye akuti anangodzigunda padesiki. Lachisanu anatuluka kamfuno m'kalasi, magazi mpaka pakabudula wa mnzake wokhala naye.

Aphunzitsi ake anandiitanitsa. Anandilowetsa muofesi, kutseka chitseko, osandipatsa ndi mpando womwe.

"Bambo, mwanayu kunyumba mumakhala naye bwanji?"

Ndinati timakhala bwino.

"Nanga mikwingwirima iyi? Mayi ake ali kutali, tikudziwa. Nthawi zina munthu amatopa."

Zaka makumi awiri ndakhala ndikugwira lumo pakhosi pa anthu, sindinachekepo munthu mwadala. Lero andifunse ngati ndimamenya mwana amene ndinkamubereka kumsana popita kusukulu yomweyo? Ndinatsegula chitseko n'kutuluka. Panjira ndinkaona ngati aliyense akundiloza.

Achemwali akuti iwo ananena kale, mankhwalawo akumumaliza magazi, ndiye akutulukira pamphuno ndi pakhungu pomwe. Ine ndaganiza ndekha popeza palibe wondiyankha. Kuyambira Lachisanu madzulo ndasiya kumupatsa. Kabotolo ndakaika pamwamba pa kabati. Bala la opaleshoni linapola, mwana akuyenda, akudya, ndiye mankhwala owonjezera ndi a chiyani? Kamfunoyo sanabwerenso, ndiye ndikuona kuti ndachita bwino.

Mawa ndikutseka shopu, ndipita naye kuchipatala chachikulu akamuzule dzinolo tipume.

Mukapeza nthawi mulembe.

Bambo a Namzeze

18 Malichi

Bambo a Namzeze,

Kalata yanu ndailandira poweruka. Ndikulemba mothamanga, muwerenge mmene mungathere.

Ndinakuyankhani pa 7. Ndinapereka m'manja mwa dalaivala ndekha. Kodi sinafike?

Mwana apite kuchipinda cha odwala mtima tsiku lomwe mulandire kalatayi. Muwauze zoona zokhazokha, kuti wadumpha masiku angati ndiponso kuti wamwa asipirini. Musamupatse mapiritsi ambiri kuti mubwezere masiku aja. Dzinolo asazule asanadziwe za mtima wake.

Ndaimba foni ya mwini golosale. Akuti kunyumba n'kotseka kuyambira m'mawa, simunabwere. Ndiye muli kuti? Ndapempha abwana kuti ndinyamuke mawa, akuti ndinasowa kale masabata ambiri, ndikachoka Loweruka lisanafike makina anga apatsa wina. Ndayendera chipinda chino kuchoka pakhomo kufika pazenera mpaka mnzanga wogona naye wandikhazika pansi.

Za tauni yondimezazo tidzakamba tsiku lina.

Mayi a Namzeze

20 Malichi

Mayi a Namzeze,

Khazikani mtima pansi. Mwana ali bwino. Pamene ndikulemba wakhala pabedi, akuphunzitsa mnzake wa bedi loyandikana kuluka ulusi ndi zala. Dzulo pafoni ya anamwino tinangokuwirana, inu mukulira, ine ndikubwereza kuti ali moyo, mpaka foni inaduka. Ndiye ndilembe zonse bwinobwino, muwerenge musananyamuke.

Lachiwiri tinalowa kwa dokotala wa mano. Namzeze atakhala pampando, dokotalayo anawerama kuti aone m'kamwa, kenako anaima, kupendeketsa mutu.

"Chikulira n'chiyani?"

Namzeze anayankha yekha kuti ndi mtima wake. Dokotala anaika pansi chitsulo chimene anagwira, n'kundifunsa mankhwala amene akumwa. Ndinati anali kumwa, koma ndinamusiyitsa Lachisanu. Sanandikalipire. Anangovula magolovesi, kundigwira pamkono ngati mwana wotayika pamsika, n'kutiperekeza yekha mpaka kuchipinda cha odwala mtima.

Kumeneko tinapeza namwino wina wamfupi, wa imvi, magalasi ali pansonga ya mphuno. Anamubaya chala. Nambala inatuluka 1.2. Ananditsegulira kabuku kaja, tsamba loyamba penipeni, pamene panalembedwa kuti ya Namzeze izikhala pakati pa 2.5 ndi 3.5. Manambalawo anali owerengeka bwinobwino, kungoti sindinkadziwa kuti ndikuyang'ana chiyani.

"Ndiye kuti magazi ake achepa?" ndinafunsa.

"Ayi bambo, magazi ali nawo okwanira. Kungoti panopa angathe kuundana msanga ngati anga ndi anu, ndipo kwa iye zimenezo n'zoopsa."

Anapita naye kukamuunika mtima pamakina. Ndinadikira pabenchi ya m'khonde mphindi makumi anayi. Sindinama, ndinawerenga matailosi onse a pansi kawiri. Dokotala atatuluka anati kachitseko kakutseguka ndi kutseka bwino, palibe chimene chamatirira. Anati tachita mwayi, ena masiku anayi omwewo amawakwanira. Pothokoza ndinangomugwira dzanja ndi manja awiri.

Amugoneka masiku ochepa. Akumubaya jakisoni pamimba yomuteteza kufikira piritsi litayambanso kugwira ntchito, chifukwa akuti limatenga masiku. Dzino adzazula tsiku lokonzekera, a mano ndi a mtima atagwirizana.

Masana namwinoyo anandikhazika pansi ola lathunthu. Anayamba ndi kundifunsa kuti ndinamva chiyani padepoti. Nditamuuza anagwedeza mutu.

"Si inu oyamba. Munthu akamva mawu amenewo amaganiza za kuchepa magazi, ndipo kholo lililonse lingaope. Cholakwa chanu n'chimodzi. Mutaona kamfuno munayenera kubwera kuno, osati kukwera pampando kukabisa botolo."

Anati kamfuno ndi mikwingwirima ija mwina ndi asipirini amene ndinamuwonjezera pamwamba pa wafarini. Ndiye taonani, ine ndikukoka uku ndi asipirini, achemwali akukoka uko ndi masamba, mwana ali pakati. Anandiphunzitsa kuti kamfuno akabwera, mwana awerame kutsogolo, ndimutsine mphuno mphindi khumi osasiya, osasuzumira. Akapanda kuleka, tithamange. Tithamangenso akamenyetsa mutu, ngakhale akuseka, kapena tikaona magazi mumkodzo, kapena chimbudzi chakuda ngati phula la pamsewu. Ndinafunsa kuti nanga ndikaiwala tsiku limodzi? Anati ndilembe m'kabuku, ndiwauze, koma mawa lake ndisapereke awiri. Pomaliza anandiuza kuti ndibwereze zonse ngati mwana wa sukulu. Ndinalakwa pawiri, anandibwerezetsa.

Makalata anu onse awiri afika dzulo limodzi, achemwali anabwera nawo kuwodi. Yoyamba ija dalaivala anaipeza kuseri kwa mpando wake, pansi pa jekete. Inali itayenda ulendo wa kuno ndi uko masiku khumi ndi awiri. Ndaiwerenga. Zonse zimene namwino wandiuza munali mutalemba kale.

Mawu amene ndinalemba aja ndikanatha ndikanawameza. Pepani, mayi a Namzeze.

Ndine
Bambo a Namzeze

30 Malichi

Bambo a Namzeze,

Moni nonse. Ndinafika bwino, makina anga ndinawapeza. Ndikufuna kumva nambala ya Lachinayi lapitali. Mukalandira foni kwa wokonza, chinthu choyamba mundiuze chimenecho.

Kupepesa kwanu ndinakulandira, ngakhale kuwodi kuja sindinakuyankheni. Mkwiyo unali usanathe. M'basi pobwerera ndinaganiza za padepoti paja, n'kuyesa kukumbukira mawu enieni amene ndinanena. Bambo, ndikuganiza kuti simunamve molakwa. Ndikuganiza kuti ndinanenadi kuti "ochepetsa magazi," chifukwa ndi mmene amayi a muwodi tinkawatchulira tokhatokha. Ine ndinali ndi masabata asanu ndi limodzi ophunzira, ndikufunsa anamwino tsiku lililonse. Inu ndinakupatsani mphindi ziwiri injini ikulira. Ndikanakhala nanu pansi dzulo lake, koma ndinkachapa zovala zake ndi kuzisita kuti ndisaganize zoti tikusiyana. Ndiye mlanduwu tigawane.

Ndinasangalala kuti kusukulu tinapita tonse Lolemba lija ndisananyamuke. Aphunzitsi aja ndinawaona mmene anagwetsera maso atawerenga kalata ya anamwino. Koma musawasungire mkwiyo. Ndakhala ndikuganiza kuti mwana wanga ataoneka ndi mikwingwirima ine ndili kutali, ndingakonde mphunzitsi wofunsa kuposa wongoyang'ana kumbali. Mukawamete bwino akabwera, osati kuwabwezera ndi lumo.

Amene akundidetsa nkhawa ndi alamu. Tsiku lonse lija sanandiyang'ane kumaso, anangokhala kukhitchini n'kumatsuka mbale zotsuka kale. Potsazikana anandinong'oneza kuti, "Ndikanamupha mwana wa mlongo wanga." Ndinawauza kuti ayi, koma sanamve. Ndiye chitani ichi. Lachinayi likubwerali apite naye ndi iwo kukayezetsa, inu mukhale kushopu. Akakumane ndi namwino uja amve okha. Munthu amene anadzuka m'mawa uliwonse kusinja masamba sangaiwale ola la piritsi. Tikumufuna.

Ndatumiza mswachi wofewa, uja wolimba umamutulutsa magazi m'nkhama. Ndamusokeranso kathumba kovala m'khosi, muikemo kakhadi kamene anamulembera kuchipatala. Asakavule popita kusukulu.

Mayi a Namzeze

18 Meyi

Okondedwa amayi,

Muli bwanji? Ine ndili bwino. Bambo akuti ndilembe ndekha chifukwa iwo akamalemba amaiwala kumeta anthu.

Nambala yanga ndi 2.9. Katatu konse yakhala pamalo ake. Anamwino akuti tsopano ndizipita pakatha masabata atatu. Amandiperekeza azakhali. Iwo ali ndi kope lawolawo, amafunsa mafunso ambiri mpaka anthu a pamzere amadandaula. Ikakwana sikisi koloko madzulo amaima pakhomo n'kukhosomola, ngakhale ndamwa kale.

Dzino anazula. Sindinalire. Ndinaluma thonje nthawi yaitali ndipo magazi analeka.

Sabata yatha ndinadwala chifuwa. Kukachipatala kakang'ono ka kuno dokotala wina watsopano anafuna kundilembera mankhwala. Ndinatulutsa khadi n'kunena kuti ndimamwa wafarini, aone kaye ngati zikugwirizana. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana bambo, n'kufufuta zimene analemba. Anati ndidzakhale dokotala. Ine ndikufuna kukhala woyendetsa sitima.

Tsopano nkhani yaikulu. Lachisanu kusukulu kunali mpikisano wothamanga. Anamwino anandilola. Akuti kuthamanga kulibe vuto, chimene sakufuna ndi masewera ogundana mitu. Tinalipo asanu ndi atatu. Ndinali nambala sikisi, ndiye nditangodutsa mzere womaliza ndinapunthwa n'kugwa, bondo linasupuka. Mutu sunagunde pansi, musaope. Ndinakhala tsonga, kutenga mpango wanga woyera n'kupanikiza pabalapo mmene anandiphunzitsira.

Ndikuyang'ana kumbuyo ndinaona bambo akubwera kuchokera kumapeto kwa bwalo, atavala epuloni yometera, chipeso chili m'manja. Anadumpha chingwe, kupitirira ana awiri amene anali kumbuyo kwanga, n'kuwoloka mzere iwowo asanafike. Sukulu yonse inaombera m'manja. Atafika pamene ndinali anali wefuwefu osatha kulankhula, ndiye ndinawauza kuti akhale pansi, tidikire mphindi khumi. Tinadikira. Aphunzitsi anga anatisungira nthawi pawotchi yawo. Magazi analeka pasanakwane khumi, koma tinamaliza ndithu. Ahedi akuti chaka chamawa aika mpikisano wa makolo.

Amayi, pobwera mwezi wamawa mundibweretsere nsapato. Zija munandigulira zaka ziwiri zapitazo, zimene munkati sindikulamo, zayamba kundithina. Bambo ajambula phazi langa kuseri kwa pepalali kuti musalakwitse. Akuti mugule zokulirapo pang'ono.

Ndine mwana wanu,
Namzeze